Bedi la mlombwa linapita kuti?

Lero tikambe za mipando. Miyezi ino ndili ku Thambani kuno ku Mwanza, ndikukonza injini za zigayo poti maboti kulibe, ndipo achimwene amene ndikukhala nawo angolowa kumene nyumba yawo yamalata. Poyendera nawo akalipentala ndapeza dandaulo lomwe bambo anga ankanena kunyanja akamafuna mtengo wosemera bwato: mitengo yeniyeni inatha.

Agogo a agogo athu sankagula mipando. M'nyumba munkakhala mphasa ya bango, mkeka wa mlaza, chikopa, mwina ndi kampando kosema ka bambo mwini khomo. Mlendo akabwera ankamuyalira mphasa, ulemu unali womwewo. Tebulo ndi mpando wa miyendo inayi zinafala ndi amishoni. Mu 1875 a ku Scotland anafika ku Cape Maclear ndi sitima ya Ilala yoyamba ija, mu 1876 anzawo anatsegula Blantyre Mission, ndipo konseko ankaphunzitsa anyamata macheka ndi pulena pamodzi ndi kuwerenga. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akonkuno. Mu 1894 Robert Laws anayambitsa sukulu ya ku Khondowe, komwenso ukalipentala unali phunziro lalikulu. Kuyambira pamenepo, nyumba yokhala ndi tebulo inali ya mphunzitsi kapena kalaliki.

Anthu wamba anazipeza kudzera ku Joni ndi ku Rhodesia. Munthu ankabwera ku Wenela ndi bokosi lachitsulo, njinga, bulangete, kenako nkuitana mmisiri kuti amukhomere bedi ndi mpando wa ndalema wokhalira pakhonde. Ulendo umenewu unaduka mu 1974 ndege itagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 ochokera kumigodi, Kamuzu nkuletsa Wenela. Koma chizolowezi chinali chitakhazikika kale: mwamuna wokwatira azikhala ndi bedi.

Ndiye taonani matabwa a nthawi imeneyo. Anali a mlombwa ndi mbawa, ochekedwa pamanja, wina pamwamba wina m'dzenje. Mlombwa ife akunyanja timaudziwa bwino. Ukauma sufota kwambiri, supindika, chiswe chimaulemekeza, nchifukwa chake okhoma maboti amaufuna. Bedi la agogo anga lidakalipo kumudzi, analigonera anthu a mibadwo itatu, silinayambe lalira. Za mkungudza wa ku Mulanje musafunse nkomwe. Unasankhidwa kukhala mtengo wa dziko lino mu 1984, koma lero m'phirimo mikuluikulu inatha.

Kuno kuli nkhalango ya boma ya Thambani, ndipo munthu ungaganize kuti matabwa ndi osasowa. Ayi ndithu. Mitengo yambiri ya ku Mwanza ndi Neno inapita ku Blantyre ili m'matumba a makala. Ine sindinyoza wootcha makala, njala ndimaidziwa, koma mtengo umene unatenga zaka zochuluka kuti ukule kuutentha kuti uphike nyemba ku Ndirande, zimandiwawa. M'malo mwake munalowa paini. Ku Chikangawa boma linadzala mahekitala pafupifupi 53,000 poyembekezera fakitale ya mapepala ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, paini nkusanduka matabwa a tonsefe, mpaka nayenso moto ndi macheka zamupungula. Pano tafika pa bulugamu, mipando ya pulasitiki, ndi makabati onyezimira aja a utuchi woumba ndi guluu, amene akangolawa madzi amatupa ngati mkate.

Choncho inu mwalowa nyumba yatsopano, musakopeke ndi vanishi. Paini amamupaka mankhwala ofiira nkumutcha mbawa. Tembenuzani mpandowo, kandani kunsi ndi kiyi kapena chikhadabo: paini ndi wofewa, amalowa, ndipo mkati ndi woyera. Unyamuleni mumve kulemera. Akakuuzani kuti ndi mlombwa, onani ngati sanaphatikizemo mbali yoyera ya kunja kwa mtengo, chifukwa imeneyo ndiye imafumbwa. Paini woumitsa bwino si woipa ayi, choipa ndi thabwa laliwisi. Limaoneka bwino pa shedi, koma pofika Okutobala tebulo lang'aluka pakati. Onaninso polumikiza. Mmisiri weniweni amaboola nkulowetsa thabwa mu linzake, wachangu amangomenya misomali nkubisa ndi pate. Ku boti timati msomali sugwira pomwe thabwa silinakhale bwino.

Pa ndalama, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya guluu, siponji ndi nsalu sinabwererenso. Kalipentala mupatseni ya matabwa yokha, matabwawo muwaone ndi maso, yotsala mudzamalize katundu atatha. Yambani ndi bedi, kenako tebulo ndi mipando iwiri. Sofa adikire, chifukwa ndi amene amabisa zambiri: pansi pa nsalu yokongola ija ena amaikamo zidutswa zotsala ndi makatoni. Ngati mukumufunadi, pitani tsiku limene akukhoma felemu, asanakute, mukhalepo mudzigwedeze.