Ntchito ya maloya pamene makampani akugulana kapena kuphatikizana

Kampani ikamagula inzake, kapena makampani awiri akamaphatikizana kukhala imodzi, nkhani siithera pa kusainirana. Malamulo a dziko lino amafuna kuti mabungwe a boma aunike mgwirizanowo, ndipo amene amakonza zonse zofunika ndi maloya.

Ntchito yoyamba ya loya ndi kufufuza kampani imene ikugulidwa: ngongole zake, milandu imene ili kukhoti, msonkho umene sinapereke ku bungwe la MRA, zikalata za malo komanso mapangano ake ndi antchito. Wogula akapanda kufufuza, amalandira ngongole zimene sanazidziwe. Akatha kufufuza, loya amalemba mgwirizano wogulitsa masheya motsatira lamulo la makampani la 2013, limene linalowa m'malo mwa la 1984.

Kenako loya amapempha chilolezo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Lamulo latsopano la 2024 limakakamiza makampani akuluakulu kudziwitsa bungweli asanamalize mgwirizano. Mgwirizano waukulu wokhudza mayiko angapo a Comesa umaunikidwa ndi bungwe la Comesa loona za mpikisano pa malonda, limene linayamba ntchito ku Lilongwe m'chaka cha 2013. Ngati zikukhudza banki, pamafunikanso chilolezo cha Reserve Bank of Malawi.

Zitsanzo zilipo zambiri. Mu 2010 Bharti Airtel inagula Zain. Mu 2015 FDH Financial Holdings inagula Malawi Savings Bank, pamene National Bank of Malawi inagula Indebank. Mu 2016 Castel inagula masheya ochuluka a Carlsberg Malawi.

Antchito nawo ndi otetezedwa. Malinga ndi lamulo la ntchito la 2000, bizinesi ikagulitsidwa mapangano a antchito amasamukira kwa mwini watsopano pamodzi ndi ufulu wawo wonse. Kampani imene yalephera kubweza ngongole ingathe kukonzedwanso potsatira lamulo la 2016, m'malo moithetsa.

Cholinga cha ndondomekozi n'chakuti kampani imodzi isatsale yokha pa msika n'kumakweza mitengo mmene ikufunira. Ngakhale mapanganowa amasainidwa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, zotsatira zake zimafika kwa mlimi wa mbatatesi wa ku Biriwiri m'boma la Ntcheu, pa malire ndi Mozambique, akamagula mayunitsi kapena kusunga ndalama kubanki.