Kukonza pakhomo kuti moto wolusa usafike pa nyumba ndi nkhokwe

Moto wolusa, umene m'Chipwitikizi amautcha queimadas descontroladas, ndi moto wa m'tchire umene wapulumuka m'manja mwa amene anauyatsa. M'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde m'chigawo cha Tete, motowu umachuluka kuyambira mwezi wa Agosto mpaka Outubro, pamene udzu wauma ndipo mphepo ikuomba mwamphamvu. Nthawi zambiri umayamba ndi osaka mbewa, alenje, ootcha makala, ofula uchi ndi alimi otentha mapesi pososa m'munda. Mu Setembro 2008 moto wotere unapha anthu makumi angapo ndi kutentha nyumba zambiri m'zigawo za Manica, Sofala ndi Zambézia. Malamulo a dziko lino amati kutentha tchire mwadala ndi mlandu.

Mmene nyumba imapsera

Nyumba zambiri zimagwira moto malawi asanafike pakhomo. Mphepo kapena kamvuluvulu amanyamula timakala ndi udzu woyaka n'kukaziponya patsogolo, nthawi zina mamita mazana angapo. Zikagwera pa denga la udzu, pa mulu wa mapesi kapena pa masamba ouma, moto watsopano umabuka pomwepo. Njira ina ndi yapansi: udzu wosalambula umalumikiza tchire ndi mpanda, mpandawo n'kufikitsa moto ku nkhokwe. Moto umathamanganso kwambiri pokwera phiri kusiyana ndi potsika, choncho khomo lomangidwa pamtunda liyenera kulambulidwa kwambiri mbali yakumunsi. Chinthu chimene banja lingathe kuchilamulira ndi kuchuluka kwa zinthu zoyaka pakhomo pake.

Mamita awiri oyamba

Malo ozungulira khoma la nyumba, khitchini ndi nkhokwe ayenera kukhala dothi lokhalokha, losesedwa kawirikawiri. Nkhuni, udzu wofolera, matumba, matayala ndi zigubu za petulo kapena parafini siziyenera kusungidwa pakhonde kapena pansi pa nkhokwe. Denga la malata limateteza kuposa la udzu, koma masamba ounjikana pamwamba pake ndi mipata ya pakati pa khoma ndi denga zimalowetsabe moto. Nkhokwe yomata ndi dothi imalimba kuposa yansungwi zokha.

Mpaka mamita 10

Apa ndi pabwalo. Udzu umwetedwe kapena kupalidwa, ndipo nthambi zofika pa denga zidulidwe. Mitengo ya mango ndi mapeyala ikhoza kukhala, bola nthambi zam'munsi zisadzidwe mpaka mamita awiri kuchokera pansi kuti moto wa pa udzu usakwere. Bulugamu, paini ndi nsungwi zimayoyola masamba ndi makungwa oyaka msanga, motero malo ake ndi kutali ndi nyumba. Mpanda wa tsekera usagunde nyumba kapena nkhokwe. Pakhale mpata wopanda kanthu. Mpanda wamoyo wa khonje kapena nkhadze suyaka msanga chifukwa zomerazi zimasunga madzi, ngakhale utomoni wa nkhadze ndi woopsa m'maso, makamaka kwa ana. Nthochi nazo zimathandiza ngati masamba ake ouma akuchotsedwa.

Mpaka mamita 30 ndi kupitirira

Akatswiri a zamoto amalangiza kuchepetsa zoyaka pa mtunda wa mamita 30 kuzungulira nyumba. Ku Portugal, kumene moto wa m'nkhalango umavuta chaka ndi chaka, lamulo limafuna mamita 50 kwa nyumba zoyandikana ndi tchire. M'dera limeneli ndi mmene muyenera kukhala mulu wa nkhuni, mitolo ya udzu wofolera, dzala ndi zigafa za fodya, chilichonse pachokha ndi polambula pozungulira. Khola nalo lilambulidwe, ndipo chitseko chake chikhale chosavuta kutsekula usiku.

Kumalire a khomo kumalambulidwa njira yotchinga moto, imene alangizi amaitcha aceiro. Njirayi imapalidwa ndi khasu mpaka dothi lionekere, ndipo m'lifupi mwake muyenera kuposa kutalika kwa udzu wa pamalopo kawiri kapena katatu. Zinyalala zopalidwazo zisasiyidwe m'mbali mwake: zikwiriridwe m'mizere kapena zipangidwe manyowa.

Nthawi ya ntchito

Nthawi yabwino ndi Maio ndi Junho, atangokolola, udzu usanaumitsitse. Amene akufuna kupsereza m'mbali mwa njirayi achite m'mamawa kapena madzulo kopanda mphepo, atadziwitsa anansi ndi amfumu, pali anthu okwanira okhala ndi nthambi zaziwisi, makasu ndi madzi. Asachoke mpaka chitsa chomaliza chitasiya kufuka. Kupsereza mu Setembro kapena Outubro n'kuitana ngozi.

M'mudzi momwe nyumba zili pafupipafupi, khomo limodzi losalambula limaika ena onse pangozi. N'chifukwa chake midzi ina imalambula njira imodzi yozungulira mudzi wonse motsogozedwa ndi mafumu ndi makomiti oyang'anira zachilengedwe. Uphungu wina umapezeka kwa alangizi a zaulimi ku ofesi ya SDAE pa boma lililonse. Moto ukafika ndi mphepo yamkuntho, choyamba ndi kuchotsa ana, okalamba ndi odwala kupita pamalo olambulidwa kapena opsa kale, kenako kutsekulira ziweto. Palibe amene ayenera kubwerera m'nyumba yoyaka kukatenga katundu.