Fani ya Redieta Yosaleka Kuzungulira

Pa galimoto zakale, monga ma Toyota Corolla amene amanyamula anthu m'makomboni a Matero ndi Chawama, fani yamagetsi imayenera kuyamba kuzungulira madzi a mu injini akatentha kupitirira madigiri 90, n'kuleka akazizira. Ikamazungulira m'mawa injini ili yozizira, yambani mwazimitsa AC, chifukwa nayo imayatsa fani.

Ikapitirizabe, onani pulagi ya sensa ya kutentha. Pa ma Toyota ambiri akale, pulagiyi ikazuka kapena waya wake ukaduka, fani imangozungulira kuti injini isapse. Ku komboni ya Kanyama, kumene madzi amasefukira m'misewu nthawi ya dzinja, matope ndi dzimbiri zimawononga mapulagi otere. Tsukani pulagiyo, muiumitse, muibwezere.

Fani yosaleka ngakhale patapita nthawi yaitali mutachotsa kiyi imasonyeza kuti relay yamatirira, ndipo imatha batire usiku umodzi. Sinthanitsani ndi relay ina yofanana nayo m'bokosi la mafyuzi, muone.

Amakanika ena amalumikiza fani mwachindunji n'kuchotsa thermostat poopa kutentha kwa mu Okutobala. Musalole zimenezi: injini yosafunda bwino imamwa mafuta ambiri ndipo imatha msanga.