Hotela ya ku Cape Maclear imene alendo ake ankatera pamadzi

Mukafunsa za chiyambi cha zokopa alendo ku Cape Maclear, ambiri amati zinayamba ndi azungu oberekera zikwama amene anadzaza mudzi wa Chembe m'zaka za m'ma 1980. Zimenezi n'zoona pang'ono chabe. Iwowa asanabwere, pagombe la Golden Sands panali kale hotela yolandira anthu ochokera ku Ulaya pandege.

Dzina la Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone mu 1861 polemekeza mnzake Thomas Maclear. Mu 1875 kunafika amishoni a Livingstonia, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, pa sitima ya Ilala. Kuti sitimayo ione nyanja, anaiphwasula, amtengatenga mazanamazana n'kuisenza zidutswazidutswa kulambalala mathithi a Shire, chigawo chomwecho cha mtsinje chimene timawoloka lero pa mlatho wa Zalewa. Malungo sanalole amishoniwo kukhalitsa. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, n'kusiya manda a anzawo m'tsinde mwa phiri.

Mbiri ya hotelayi imamveka bwino kuyambira mu November 1949, pamene ndege za kampani ya BOAC zotera pamadzi, za mtundu wa Short Solent, zinayamba kuima ku Cape Maclear pa ulendo wochokera ku Southampton kupita ku Vaal Dam, kufupi ndi Johannesburg. Ndegezi zinali ndi mimba yonga ya bwato ndi injini zinayi. M'kati mwake munali zipinda zam'mwamba ndi zam'munsi, mipando yotakasuka, ndi malo omwerako zakumwa. Ndege ikatera n'kuima panyanja, kaboti kankapita kukatenga alendo n'kuwatula pamchenga, pafupi ndi khomo la hotela, asodzi a ku Chembe akuonerera ali m'mabwato awo.

Chisangalalocho chinatha chaka chimodzi chokha. Mu November 1950 maulendo a ndege zotera pamadzi anathetsedwa, popeza ndege zotera pamtunda zinali zachangu komanso zotsika mtengo. Hotela inatsala pamchenga yopanda alendo, ndipo posakhalitsa inatsekedwa.

Chimene chinaipha sichinali kuchoka kwa ndege kokha. Inkadalira njira imodzi yobweretsera anthu, pamene msewu wamtunda unali wafumbi, wovuta nthawi ya dzinja. Choipa china chinabwera pambuyo pake: kusalabadira zakale. Derali linakhala Lake Malawi National Park mu 1980, ndipo mu 1984 UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna. Nsombazo tazitchukitsa, koma nkhani ya hotelayi ndi ndege zake taisiya kuti izilala.

Ana a sukulu amene amapita ku Cape Maclear ayenera kuuzidwa kuti nyanja imene akusambamoyo inakhalapo bwalo la ndege zochokera ku England. Tiyeni tilembe mbiriyi agogo a ku Chembe amene anazimva zikulira akadali ndi moyo.