Ziboliboli Ziwiri za mu Mzinda wa Lusaka

M'chaka cha 1960, pamene Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinali chitayamba kugwedezeka, mumzinda wa Lusaka munaimikidwa chiboliboli chachikulu chamkuwa patsogolo pa bwalo lalikulu la milandu. Chinali cha munthu wokwera pa kavalo wamphamvu, dzanja ataika pamphumi monga achitira munthu wounguza dziko lakutali. Anachipereka ndi a kampani ya British South Africa, yomwe inayambitsidwa ndi Cecil Rhodes, ndipo dzina lake linali Physical Energy.

Mmisiri amene anaumba chithunzichi, George Frederic Watts wa ku England, anali atamwalira kale mu 1904. Iye sanali kuganiza za Lusaka mpang'ono pomwe. Cholinga chake chinali kuonetsa khama la munthu wosafuna kukhala pansi. Komatu chiboliboli chikachoka m'manja mwa mwini wake n'kuimikidwa pamseu, tanthauzo lake amapereka ndi anthu odutsa. China chofanana nacho chinali chitaima kale pa chikumbutso cha Rhodes ku Cape Town, motero aliyense anadziwa kuti wokwera pa kavaloyo akuimira yani.

Chimene chinaonjezera mkwiyo ndi mawu a Godfrey Huggins, nduna yaikulu yoyamba ya Chitaganya. Zinamveka ponseponse kuti mkuluyu anayerekeza ubale wa azungu ndi anthu akuda ndi ubale wa kavalo ndi womukwera. Mawuwa anawawitsa mitima kuyambira ku Kitwe mpaka ku Zomba. Tsono pamene mmwenye wogulitsa nsalu kapena mzungu wa m'boma ankaona luso la mmisiri, mtengatenga wopalasa njinga kupita ku ofesi ankaona chipongwe chowumbidwa ndi mkuwa. Iye ankadziwa kuti pa awiriwo, malo ake ndi a kavalo. Choipiranso n'chakuti chinaima pakhomo pa nyumba yomwe anthu ankapita kukafuna chilungamo.

Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo Zambia inalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964. Kavalo uja sanakhalitse. Mu 1966 anamuchotsa n'kumutumiza ku Salisbury, kumene boma la Ian Smith linali litangodzilengeza lokha kuti ndi loima palokha.

Patapita zaka zisanu ndi zitatu, mu Okutobala 1974, pokondwerera zaka khumi za ufulu, Pulezidenti Kenneth Kaunda anavundukula chiboliboli china m'mbali mwa mseu wa Independence Avenue. Ichi n'cha mwamuna wopanda malaya, wopanda nsapato, manja ali m'mwamba, unyolo woduka ukulendewera m'mikono mwake. Palibe kavalo, palibe womukwera. Nkhani yofala imati chithunzichi chikuimira Zanco Mpundu Mutembo, mnyamata wa chipani cha UNIP wochokera ku Mbala, amene atamangidwa m'masiku a atsamunda analamulidwa kuti adule unyolo ndi manja ake, apo ayi awomberedwa, ndipo iye anaudula. Kaya zonse zinachitika ndendende monga zikambidwira, anthu a ku Zambia anailandira nkhaniyi ngati yawoyawo, chifukwa munthu wa pachiboliboliyo amafanana ndi mlimi kapena wa pamgodi aliyense. N'zochititsa chidwi kuti boma silinasankhe kuika nkhope ya mtsogoleri, m'nyengo imene atsogoleri ambiri a mu Africa ankakonda kudziona okha m'misewu.

Chodabwitsa china n'chakuti nayenso mmisiri wa chiboliboli cha ufuluchi, James Butler, anali wa ku England. Zimenezi sizinalepheretse eni mzinda kuchikonda. Chithunzi chake chinasindikizidwa pa ndalama zamapepala za kwacha kwa zaka zambiri, kotero kuti ngakhale mayi wogulitsa tomato ku Chipata, amene sanapondepo mu Lusaka, anachidziwa. Pa 25 Meyi, tsiku lokumbukira ufulu wa Africa, atsogoleri amakaika nkhata zamaluwa patsinde pake.

Kavalo uja naye sanapeze mtendere ku Salisbury. Dziko la Zimbabwe litalandira ufulu mu 1980, anamuchotsanso pamalo oonekera n'kukamuika m'bwalo la nyumba yosungiramo zolembedwa zakale za boma mu Harare.