Kuchokera ku Bremen mpaka ku sikelo: mbiri ya matenda a chiwindi a hepatitis B

M'chaka cha 1883, anthu ogwira ntchito pamalo opangira zombo mumzinda wa Bremen ku Germany analandira katemera wa nthomba wopangidwa ndi madzi a m'thupi la anthu. Patapita miyezi, anthu 191 mwa 1,289 anadwala chikasu. Madokotala anaona kuti matendawa adzera m'katemerayo, koma chowayambitsa sichinadziwike kwa zaka zoposa 80.

Mu 1965, Baruch Blumberg wa ku America analengeza kuti wapeza puloteni yachilendo m'magazi a Mwaaborijini wina wa ku Australia. Pambuyo pake zinadziwika kuti puloteniyo ndi chikuto cha kachirombo ka hepatitis B. Lero imatchedwa HBsAg, ndipo ndi yomwe kachipangizo koyezera mwachangu kamafufuza m'dontho la magazi. Ikapezekabe patatha miyezi 6, ndiye kuti kachiromboka kakhazikika m'thupi. Blumberg analandira mphotho ya Nobel mu 1976.

Kuopsa kwenikweni kwa matendawa kunaonekera ku Taiwan mu 1981, pomwe Palmer Beasley, atatsatira amuna 22,707, anasonyeza kuti okhala ndi HBsAg ndiwo amadwala kwambiri khansa ya chiwindi. Chaka chomwecho katemera woyamba anavomerezedwa ku America. Taiwan inayamba kutemera makanda mu 1984, ndipo khansa ya chiwindi mwa ana inatsika. Malawi inayika katemerayu m'ndondomeko ya ku sikelo mu 2002, mkati mwa katemera wa pentavalent.

Mankhwala anabwera mochedwa: lamivudine mu 1998, tenofovir mu 2008. Sachotseratu kachiromboka, koma amakafooketsa ndi kuteteza chiwindi. Popeza mankhwala awiriwa alinso m'ma ARV a TLD, munthu amene ali ndi HIV komanso hepatitis B akasiya kumwa mwadzidzidzi, chiwindi chake chikhoza kutupa koopsa.

Mpata umodzi udakalipo. Pentavalent amayamba mwana akakwanitsa masabata 6, pomwe kachiromboka kangathe kumulowa pobadwa, ndipo makanda pafupifupi 9 mwa 10 otenga kachiromboka nthawi imeneyo amakhala nako moyo wonse. N'chifukwa chake bungwe la WHO limalimbikitsa kuyeza amayi oyembekezera ndi kutemera mwana asanathe maola 24. Mayi wooneka wathanzi akhoza kukhala nako osadziwa. Mlangizi wa zaumoyo akamukumbutsa zoyezetsa ku sikelo ya amayi apakati, amateteza chiwindi cha mwana amene asanabadwe n'komwe.