Imvi Zanga ndi Mbiri ya Dayi

Tsiku limene kondakitala wa minibasi adauza mnyamata wina kuti, "Sunthani apo akhale madalawa," ndidatembenuka kufuna kuona madalawo. Kumbuyo kwanga kudalibe munthu. Madalawo ndidali ine, munthu wa zaka 41 zokha, koma m'mbali mwa mutu muli mbuu ngati ndagona mumphero.

Chichokereni tsikulo ndidayamba kudaya tsitsi mobisa. Lamulungu lililonse lomaliza la mwezi ndinkatseka chitseko cha kubafa, kusungunula dayi waufa m'kasosala, n'kumapaka ndi mswachi wakale. Ndidachita zimenezi kwa zaka ziwiri popanda vuto. Kenaka mu 2022 kuntchito kudatuluka mpata wokwezedwa paudindo, ndipo ndidaitanidwa ku mayeso apakamwa. M'boma munthu amapuma ali ndi zaka 60, choncho ndidadziuza kuti ofunsa mafunso akaona imvi adzaganiza kuti ndatsala pang'ono kupita kumudzi. Ndidagula kapaketi kumsika kopanda ngakhale dzina la amene adapanga, ndidapaka mowirikiza, ndipo m'malo mwa mphindi 30 ndidakhala nako ola lathunthu kuti tsitsi lide bwino.

Lolemba m'mutu mudayamba kuyabwa. Lachiwiri makutu adatupa n'kumatuluka madzi. Lachitatu m'mawa mayi a kunyumba adandiyang'ana n'kugwira pakamwa. "Bambo a Tadala, dzukani tipite kuchipatala. Maso anuwa sakuoneka." Lachinayi, tsiku la mayeso, ndidali gone pabedi la chipatala nkhope ili ngati dzungu. Dokotala adalemba zilembo zitatu pakapepala, PPD, nandiuza kuti chinthu chimenechi ndisadzachiyandikirenso moyo wanga wonse. Masabata awiri amene ndidakhala pakhomo ndidawathera powerenga za zilembo zitatuzo, ndipo ndidapeza kuti uchitsiru wangawu uli ndi makolo ake akalekale.

Ku Egypt kudachokera mpukutu wa zamankhwala wotchedwa Ebers Papyrus, wolembedwa zaka pafupifupi 1,550 Yesu asanabadwe. Pakati pa mankhwala a maso ndi a m'mimba muli njira yothana ndi imvi: kuphika magazi a ng'ombe yakuda m'mafuta n'kudzola kumutu. Ankakhulupirira kuti kuda kwa ng'ombeyo kulowa m'tsitsi. Njirayi sinkathandiza, koma Aiguputo adalinso ndi ina yogwira ntchito, masamba a chitsamba cha hena. Mfumu Ramesses II idamwalira ili ndi zaka pafupifupi 90, ndipo mtembo wake woumikidwa utapita ku Paris mu 1976 kukaukonza, akatswiri adapeza kuti tsitsi lake loyera lidapakidwa hena. Kaya idadzipaka yokha ili moyo kaya adaipaka okonza maliro, imvi za mfumu zidabisidwa ndithu.

Aroma adafika pena. Pliny Wamkulu, amene adamwalira m'chaka cha 79, adalemba zoti anthu ankaviika misundu mu vinyo wosasa m'mbiya ya mtovu kwa masabata angapo mpaka iwole, kenaka n'kumadzola ali padzuwa. Wodzolayo ankauzidwa kuti avumate mafuta mkamwa kuopa kuti mano angade nawo. Ena ankasakaniza mtovu ndi laimu. Mu 2006 asayansi a ku France adayesa njira imeneyi ndipo adaona kuti imadetsadi tsitsi, chifukwa mtovu umagwirizana ndi sulufule wa m'tsitsi n'kupanga timibulu takuda tosaoneka ndi maso. Kuti mtovu ndi poizoni, zimenezo zidatenga nthawi kuti zimveke. Ku America boma lidalengeza zoletsa mtovu m'dayi wa tsitsi mu 2018, ndipo chiletsocho chidayamba kugwira ntchito mu 2022, chaka chomwe ine ndidatupa.

Sikuti onse ankafuna kuda. Amayi a mumzinda wa Venice m'zaka za m'ma 1500 ankakwera pamadenga atavala zipewa zoboola pamwamba, tsitsi atalitulutsira kunja n'kuliyala pamlomo wa chipewa, kuti dzuwa liwalitse tsitsi koma lisawambe nkhope. Kuno ku Africa mtundu wokondedwa udali wofiira. Amayi a Chihimba ku Namibia mpaka lero amapaka tsitsi ndi thupi dothi lofiira losakaniza ndi mafuta a mkaka, ndipo anyamata ankhondo a Chimasai ku Kenya ndi Tanzania amachitanso chimodzimodzi ndi malukidwe awo. Hena adayenda ndi amalonda komanso Chisilamu, n'chifukwa chake mukaona gogo wa ndevu zofiirira akutuluka mumzikiti ku Limbe kapena ku Mangochi, dziwani kuti akutsata mwambo wa zaka zoposa 1,000.

Kwathu ku Ntcheu sindidaone agogo anga akulimbana ndi imvi. Ankakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa, n'kuwengula mafuta odzola kumutu kuti tsitsi lifewe ndi kunyezimira, basi. Tsitsi lidali ndi tanthauzo lina: linkametedwa pamaliro ndi pachinamwali, kusonyeza kuti munthu wachoka pa gawo lina la moyo walowa lina. Wa imvi ndiye ankapatsidwa mpando pabwalo la milandu, ndipo akayamba kuyankhula ena ankakhala chete. Kudetsa imvi kukadakhala ngati nyakwawa kutaya dala ndodo yake.

Dayi amene tikumudziwa lero adabadwa mwangozi, ndipo nkhani yake ikukhudza malungo. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Henry Perkin, ankayesa kupanga kwinini kuchokera ku phula la malasha. Nthawi imeneyo kwinini ankachokera ku makungwa a mtengo wa ku South America ndipo adali wodula. Ndi mankhwala omwewo amene David Livingstone adanyamula pokwera mtsinje wa Shire mu 1859. Perkin kwininiyo sadamupeze. M'botolo mwake mudatsala zinthu zakuda zonanda, koma pozitsuka adaona kuti zikutulutsa mtundu wa papo wokongola umene unkagwira pansalu osasuluka. Uwu udali utoto woyamba wopangidwa m'fakitale kugulitsidwa mochuluka. Mphunzitsi wake, August Wilhelm von Hofmann, atapitiriza kufufuza mankhwala a mtundu womwewo, adapeza mu 1863 chinthu chotchedwa para-phenylenediamine. Ameneyu ndiye PPD wanga uja.

Wina amene adaona ndalama m'menemo adali Eugène Schueller wa ku Paris. Mu 1907 adapanga dayi wa tsitsi amene ankasakaniza usiku kunyumba kwake n'kumagulitsa m'masaluni kukacha. Mu 1909 adalembetsa kampani imene lero ndi L'Oréal. Komabe kwa zaka zambiri kudaya idali ntchito ya kusaluni, yotenga maola, ndiponso yochititsa manyazi. Mayi wodziwika kuti amadaya ankamuganizira zachiwerewere. Zinthu zidasintha pamene kampani ya Clairol ku America idatulutsa mu 1950 dayi wopaka kamodzi kokha, ndipo mu 1956 idayamba kumugulitsa kuti amayi azidzipaka okha kunyumba. Malonda ake ankatsindika chinthu chimodzi, chakuti palibe amene adzadziwe. Ku Japan kampani ya Hoyu idatulutsa dayi waufa wosungunula ndi madzi, Bigen, mu 1957, ndipo dayi waufa ndi amene adafika mosavuta m'magolosale a kuno chifukwa sachedwa kunyamula komanso saonongeka ndi kutentha. Anthu akuda adaganiziridwa mochedwa. Mpaka mu 1972 ndi pamene kampani ya Carson ya ku Savannah, m'chigawo cha Georgia, idatulutsa Dark & Lovely, dayi wopangidwira amayi akuda.

Chaka chotsatira, mu 1973, kuno ku Malawi nyumba ya malamulo idakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo m'zaka zomwezo mwamuna wa tsitsi lalitali ankaswa lamulo. Alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanaloledwe kulowa m'dziko. Bambo anga, amene adali mphunzitsi, amati masiku amenewo mutu wa munthu wa m'boma unkayenera kukhala waufupi, wakuda ndi wopesa, ndipo dayi wakuda adali mnzake wa suti ndi tayi. Malamulo a kavalidwe adachotsedwa mu 1993, koma mkangano wa tsitsi sudathe. Mu 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba lidachita kulamula kuti ana a Chirasta aziloledwa m'sukulu za boma ndi tsitsi lawo lopotana. Lero mwana wanga wamkazi akhoza kubwera kuchokera kukoleji ndi mutu wofiira ngati chitedze, agogo ake n'kungopukusa mutu.

Nditamvetsa mmene dayi amagwirira ntchito ndidazindikira pamene ndidalakwa. Mtundu wa tsitsi umachokera ku melanini, amene timaselo ta pamizu timapanga. Timaseloti tikatopa, tsitsi limamera lopanda mtundu, ndiye imvi. Nthawi imene zimayamba imatsata kwambiri kumtundu. Bambo anga adayera ali ndi zaka za m'ma 30. Dayi wokhalitsa amakhala ndi mankhwala otsekula mamba a tsitsi, monga amoniya, ndi ena ngati peroxide amene amachititsa kuti timadontho ta PPD tilumikizane mkati mwa tsitsi n'kukula mpaka kulephera kutuluka. Dayi akakhala wakuda kwambiri, PPD amakhalanso wambiri. Maiko a ku Ulaya salola kuti apitirire magawo 2 pa 100 alionse dayi akasakanizidwa, koma kapaketi kopanda dzina palibe amene adakayeza. Choopsa n'chakuti thupi likhoza kumulandira PPD kwa zaka, kenaka tsiku lina n'kumukana, ndipo likamukana lamukana mpaka kale. Ndicho chifukwa chake amalangiza kupaka kadontho kuseri kwa khutu kapena mkati mwa chigongono n'kudikira maola 48, ulendo uliwonse, osati woyamba wokha. Malangizowo ndidali nditawaona pamapaketi ambiri, koma safunsa adadya phula.

Pa nkhani ya mtundu, opanga dayi amawerenga kuyambira 1 mpaka 10: nambala 1 ndi wakuda bii, 10 ndi woyererako kwambiri. Ambirife timathamangira 1 poganiza kuti tsitsi lathu ndi lakuda, koma mukaliyang'ana padzuwa mudzaona kuti lili ndi kufiirira pang'ono. Nambala 1 pamutu pa munthu wa makwinya imaoneka ngati polishi wa nsapato, ndipo imaulula chinsinsi chomwe mumafuna kubisa. Nambala 2 kapena 3 imafanana ndi tsitsi lobadwa nalo, komanso imvi zikayamba kumera pansi, pakuti tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, mzere wake suonekera patali. Chithunzi cha pabokosi musachikhulupirire, chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Adajambula tsitsi la munthu wina. Tsitsi lakuda silisanduka lagolide popanda kulisulutsa kaye ndi mankhwala amphamvu, ndipo likakhala kuti lawongoledwa kumene ndi mankhwala a kusaluni limathothoka, choncho pamafunika kudikira masabata awiri. Hena weniweni amapereka mtundu wofiirira wokha. Amene amagulitsidwa kuti ndi hena wakuda, wodetsa m'mphindi zochepa, kawirikawiri amakhala atathiridwa PPD. Ufa umenewu ukamwedwa umapha, ndipo zipatala za ku Sudan ndi Morocco zalandira anthu ambiri otere, kotero suyenera kusungidwa pofikira ana.

Udindo uja adapatsidwa mnzanga wa mu ofesi yoyandikana nayo, munthu amene mutu wake ndi woyera kuposa wanga ndipo sadagwirepo dayi. Nditapita kumudzi mabala atapola, bambo adandiyang'ana nthawi yaitali ali pakhonde, kenaka adati, "Iwe, imvizi ndi zanga, ndidakupatsa ndine. Unkazibisiranji?" Ndidasowa choyankha.

Sindinena kuti kudaya n'kulakwa. Mayi a kunyumba amadayabe, ndipo amasankha nambala 3. Lachisanu madzulo amadzipaka kadontho kuseri kwa khutu, ndipo Lamulungu masana ndine amene ndimayang'ana ngati pafiira, kenaka n'kuwerengera mphindi pawotchi ndili chapatali, iwo atavala magolovesi. Ine ndimangopita kometa Loweruka lililonse lachiwiri. M'minibasi akati madala akhale, ndimakhala.